Sitinatuluke pa geti moguba

Ndinalowa gulu la makadeti m'chaka changa chachiwiri ku sekondale, masiku a Chitaganya. Gululi linayamba nkhondo yaikulu itangotha, asilikali atabwerako ku Burma, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene ankatiphunzitsa kuguba. Tinkangoti a Sajeni. Anali bambo wamfupi, koma akakuwa mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

Perete ankachitika Lachisanu masana. Dzulo lake, kwathu ku Naperi, amayi ankandisungira madzi a chinangwa oviikamo kabudula wa khaki, ndipo ndikamusita ndi simbi yamakala ankauma gwa. Chitsulo cha lamba tinkachikwecha ndi phulusa ndi mandimu. Mfuti zathu zinali zamitengo, komabe wogwetsa yake ankazungulira bwalo ataisenza pamutu.

Pamzere ndinkaima pafupi ndi mnzanga wa ku Nancholi, Mlomwe, amene agogo ake anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi. Ndiye ankaliza lipenga. Ndikaphonya mwendo ankandinong'oneza milomo ili yotseka, "Iwe Msena iwe, lefuti ndi uyo!" Tikaweruka tinkalowa m'tauni yunifolomu ili m'thupi, n'kudutsa dala pamsika tikudya nzimbe, kuti atsikana atione.

Mwambo umene tonse tinkaudikira unali wa tsiku lotsekera chaka. Anyamata omaliza sukulu ankaguba kuchoka pabwalo mpaka kutuluka pa geti, otsala ataima mbali zonse ziwiri ali zii, lipenga lokha likulira. Akafika kunja ankavula zipewa n'kuzipereka kwa ang'onoang'ono. Changa ndinachilandira motero, chili ndi mzere wa thukuta la munthu wina. Ine ndi mnzangayo tinali titasankha kale oti tidzawasiyire zathu.

Chaka chathu chomaliza dziko linatentha. Anthu anakana Chitaganya, boma linayamba kumanga anthu, malole a asilikali ochokera ku Rhodesia n'kumadutsa m'misewu ya Limbe. Tsiku lina ndikubwerera kunyumba, mayi wina woyandikana nafe, amene ankandilonjera masiku onse, anaima ndi ndowa yake pamutu.

"Nanunso mwayamba kugwira anthu?" anatero.

Bambo, amene ankagwira ntchito ku njanji, atamva zimenezi anandiitana.

"Zovala izi usayende nazonso m'njira."

"Koma bambo, ife ndife ana asukulu chabe."

"Ndikudziwa. Koma anthu sakuona mwana wasukulu, akuona khaki."

Sipanapite nthawi, ahedi analengeza kuti gulu latsekedwa. Tinabweza yunifolomu ndi zida zonse m'kachipinda ka kuseri kwa holo, a Sajeni akulandira chimodzichimodzi.

"Pindani bwino, anyamata inu," ankatero. "Mwina zinthu zikazizira..."

Mnzanga uja anapereka lipenga atalikulunga m'nsalu yake. "A Sajeni, nanga ife omaliza tituluka bwanji?"

A Sajeni analilandira. "Mutuluka ngati anthu wamba, mwana wanga."

Ndi mmene zinakhaliradi. Titalemba mayeso tinatuluka aliyense payekha, sutikesi pamutu, mvula ikuwaza. Pa geti panalibe aliyense kupatula mbuzi za mlonda.

Mnzangayo anapita ku Bulawayo, kumene amalume ake anamupezera ntchito. Ndinamuperekeza ku siteshoni ya Limbe. Sitima itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kundimenyera sawasha, ine n'kubweza, anthu akutiseka. Anati adzabwera pa Khirisimasi. Khirisimasi inafika, inanso inafika.

Patapita zaka, ufulu titalandira kale, ndinawapeza a Sajeni atakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe komweko, ali ndi chibonga, akulondera. Tsitsi linali mbuu. Nditadzifotokoza anaimirira, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anayamba kundifunsa za anyamata mmodzimmodzi: uyu ndi mphunzitsi, uyu ali ku banki, uyu anamwalira. Kenako anafika pa mnzanga uja.

"Nanga wa ku Nancholi uja?"

"Sindinamvepo za iye, a Sajeni."

"Mukadzamva, mudzandiuze. Ndimapezeka pompano."

Ndinkadutsapo kawirikawiri popita ku ntchito, ndipo akandiona ankadzutsa nkhope mondifunsa, ine n'kupukusa mutu. Mwezi wina ndinapeza pakhondepo pali mlonda wina, wachinyamata.