Mandasi a Sabata ya Paska

Ntchito yanga yoyamba m'dziko la azungu lino inali yosamalira okalamba panyumba ina ya Ayuda kufupi ndi mzinda wa Markham. Anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wa ku Ntcheu ngati ine, amene tonse tinkangoti Anti. Iwo anali atagwira pamenepo zaka zambiri. Ine ndinali nditangobwera kumene, sukulu yanga ili ya kumudzi, ndipo mzungu akandifunsa kanthu ndinkayang'ana pansi n'kuvomera ndisanamve n'komwe funso lonse.

Mbali imene tinkagwirayo inamangidwa ndi banja lina lolemera lachiyuda. Banjali lili ndi thumba lakelake lothandizira masunagoge, masukulu ndi zipatala, ndipo chaka chilichonse limasankha wantchito mmodzi wa panyumbapo n'kumulipirira sukulu ya unamwino. Mwayi umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Kalata yopempha ndinailemba kanayi ndisanaipereke. Mwana wamkazi wa Anti, amene ankagwira nafe mwa apo ndi apo, anapemphanso. Pamapeto tinatsala awirife, ndipo anatiuza kuti mayi wamkulu wa banjalo abwera kudzacheza nafe asanasankhe.

Sabata yonse tsikulo lisanafike ndinali chigonere ndi chimfine, choncho sindinkadziwa zimene zinkachitika kuntchito. Nditapezako bwino ndinawaimbira Anti.

"Anti, ndikavale chiyani? Ndikanene zotani?"

"Iwe mwana, kwanu sanakulange? Munthu wamkulu amakumana naye chimanjamanja? Kazinga mandasi ako aja, ukaike patebulo m'chipinda chodyera, aliyense alaweko. Ukafika undiimbire, ndikutsegulire khomo la kumbuyo."

Ndinawathokoza kawiri. M'mawa mwake ndinakanda ufa, ndinathira yisiti wambiri kuti atupe bwino, ndipo ndinakwera nawo basi ali m'beseni lovundikira ndi nsalu yoyera.

Inali sabata ya Paska wa Ayuda. Nkhani ya mkate wopanda chotupitsa ndinkaidziwa kuchokera ku Sande sukulu, koma ndinkayesa kuti inathera m'buku la Eksodo. Sindinkadziwa kuti anzanga anatha masiku akusesa nyenyeswa iliyonse ya buledi m'nyumbamo, ngakhale za m'matumba a majekete a okalamba. Pakhomo la kutsogolo panali chikwangwani choletsa kulowa ndi chakudya chakunja. Pakhomo la kumbuyo panalibe.

Ndinavundukula beseni langa pansalu yatsopano ya patebulo. Bambo wina wokalamba, amene mutu unali utayamba kusokonezeka, anatenga limodzi n'kuluma, nyenyeswa zikugwera pamalaya ake. Moyo wake wonse anali asanadyepo chotupitsa pa Paska. Mwana wake atalowa n'kuona, analira. Ntchito yonse yoyeretsa chipindacho inayambiranso.

Mayi wamkulu uja sanakalipe. Anangondiyang'ana ali chitsamire ndodo yake, n'kufunsa, "Kodi palibe amene anakuuza?"

Ndinayang'ana Anti.

"Ndinamuuza, mayi," anatero Anti. "Koma ana a masiku ano samva."

Kwathu mwana satsutsa wamkulu pamaso pa alendo. Ndinapinda manja, ndinati, "Pepani, wolakwa ndine." Mwayi wa sukulu unapita kwa mwana wa Anti.

Kwa milungu ingapo ndinkadzinamiza kuti mwina anangoiwala. Koma Lamlungu lina, ndikutsuka mbale kukhitchini ya kutchalitchi, ndinawamva kuseri kwa khoma akuseka ndi anzawo.

"Kamwana kaja n'kakumudzi zedi! Ukakauza kuti lowa pamoto kalowa, n'kukuthokozanso."

"Aa, inunso ndinu oipa, mwamutani mwana wa eni!"

"Nanga wanga akhale wochapa matewera mpaka liti?"

Ndinamaliza kutsuka, ndinapukuta manja, ndinadutsa pamaso pawo n'kuwapatsa moni wonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinasunga mawu awo ngati mmene amasungira mbewu, pamalo ouma.

Ndinagula kope. Ndinayamba kufunsa wophika wamkulu chilichonse chimene sindinkamvetsa: chifukwa chake mbale za nyama sizikumana ndi za mkaka, chifukwa chake Loweruka okalamba ena sakhudza magetsi. Ndinkachita manyazi, koma ndinkafunsabe n'kulemba. Bambo wokalamba uja ndinapempha kuti ndizimusambitsa ndine. Anti ndinkawanyamulirabe chikwama, kuwapangira tiyi, kuwagwirira ntchito masiku amene ankati msana wawawa. Ankauza anthu kuti ndine mwana womvera. Ine ndinkamwetulira.

Chaka chotsatira ndinapemphanso, ndipo anandisankha.

Panyumbapo pali mwambo woti wosankhidwayo amanena mawu othokoza pamaso pa banjalo ndi antchito onse. Anti anabwera atavala chitenje chawo chatsopano, atakhala mpando wakutsogolo, ndipo anali atauza kale aliyense kuti anandilera ndi iwo. Ndinathokoza banjalo mwachidule. Kenako ndinati, kwathu munthu saiwala amene anamuonetsa njira. Ndinatsika, ndinayenda mpaka pamene anakhala Anti, ndinagwada monga timachitira kumudzi.

Ndinalankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti aliyense amve.

"Anti, zikomo chifukwa chondipezera ntchito. Zikomo chifukwa cha malangizo amene munandipatsa chaka chatha, oti ndikazinge mandasi n'kubwera nawo sabata ya Paska. Zikomo chifukwa chonditsegulira khomo la kumbuyo kumene kunalibe chikwangwani. Mukadapanda kutero, sindikadaphunzira kufunsa."

Ena amene sankadziwa nkhaniyo anayamba kuwomba m'manja, koma ataona kuti wophika wamkulu sakuwomba, analeka. Mwana wa bambo wokalamba uja, amene analiponso tsikulo, anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa Anti.

"Dzuka, iwe," Anti anandinong'oneza m'Chichewa, mano ali panja ngati akumwetulira. "Dzuka, mfiti iwe."

"Sindinamalize kuthokoza, Anti," ndinayankha, ndili chigwadire. Ndinawomba m'manja katatu, mwaulemu wonse, ndiyeno ndinadzuka.

Mayi wamkulu uja anandiitana pambali mwambo utatha. Anandifunsa chifukwa chake sindinanene chaka chatha. Ndinati kwathu sitiloledwa kutsutsa akulu, koma kuthokoza n'kololedwa. Sanaseke, koma anandigwira dzanja.

Anti sanachotsedwe ntchito, ndipo mwana wawo sanamulande sukulu. Nanenso sindinkafuna zimenezo, chifukwa iye sanandilakwire. Koma antchito atsopano analeka kuwapereka m'manja mwa Anti kuti awaphunzitse. Okalamba ena anayamba kukana kuti awadyetse. Nkhaniyo inafika kutchalitchi Lamlungu lomwelo, ndipo amayi omwe aja amene ankaseka nawo kuseri kwa khoma ndi amene anaifalitsa mpaka ku mzinda wa Hamilton.

Abusa anandiitana kuti ndikhululuke. Ndinamvetsera nditaweramitsa mutu, ndinavomera zonse, monga ndimachitira. Koma pamene ndinkatuluka ndinadziwa kuti mumtima mwanga simunasinthe kanthu. Bambo wokalamba uja anamwalira asanaonenso Paska wina, ndiye kuti Paska wake womaliza ndi umene anadya ndasi langa. Chimenecho sindinachikhululuke.

Lero ndine namwino. Chaka chilichonse sabata ya Paska wa Ayuda ikafika, ndimakanda ufa, ndimathira yisiti wambiri, ndipo Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndimawafunafuna Anti pagulu la amayi. Ndimapinda bondo n'kuwapatsa kathumba ka mandasi ndi manja awiri. Pamaso pa anthu sangakane. Amalandira.