Anadula Mawu Anga Nkuwaika pa Page

Anzanga, ndinakumana ndi mnyamata wina mu minibasi. Foni yanga inazima, iye nkundibwereka power bank. Potsika anapempha nambala, ine nkupereka.

Anali ndi page ya nkhani, ma followers ambirimbiri. Ndinkamutcha Mtolankhani. Ine ndinkagwira ntchito pa fakitale ya madzi a m'mabotolo, ndipo pa lunch paliponse ndinkamutumizira voice note, kumuuza zonse, ngakhale za abwana athu omwe amayamba atsokomola asanakalipe. Ankati mawu anga amamuchiritsa mutu. Ndinagwa nazo.

Lachitatu lina ndinamuuza kuti mnzanga akuti makina osefera madzi awonongeka. Ndinanenetsa kuti ndangomva, mwina ndi bodza, asauze munthu.

Pofika Lachisanu mawu anga anali pa page yake komanso pa foni ya aliyense. Poti "ndangomva" anadulapo. Poti "mwina ndi bodza" anadulaponso. Masitolo anayamba kubweza madzi athu. Ndikamuimbira, osayankha.

Lolemba apolisi awiri anandipeza kuntchito, anzanga onse akuonerera.

Ku ofesi kwawo, wapolisi wamkazi anayatsa voice note ija pa laptop.

"Mawu awa ndi anu?"

Ndinavomera.

"Madzi ayezedwa, alibe vuto. Mukudziwa kuti kufalitsa bodza pa intaneti ndi mlandu, mayi?"

Ndinafufuza voice note yeniyeni ija mu chat yathu. Mwamwayi inalipo. Anaimvetsera kawiri, kenako anandiuza kuti ndimuimbire mwini page pa speaker.

Ulendo uno anayankha.

"Babe, usanditchule chonde. Ungonena kuti foni yako anaibera ma hacker... iwe ndi mkazi, akumvera chisoni."

Wapolisi uja anangondiyang'ana, cholembera chili m'manja. Ndinamuuza komwe Mtolankhani amakhala.

Ine anandimasula madzulo omwewo, koma ntchito inathera pomwepo. Abwana anati sangasunge munthu wa pakamwa. Mayi anga anatha sabata osapita kumsika chifukwa cha manyazi.

Mlandu wa Mtolankhani uli kukhoti, ndipo ine ndine mboni. Sabata yatha tinakumana pakhonde la khotilo. Waonda, anzanga, mpaka mtima unandipweteka. Ndinaima, ndikuganiza kuti mwina apepesa.

"Unandiperekeranji?" anatero.

Basi, funso lake linali lomwelo. Zoti ine ndikudya chiyani chichotsedwereni ntchito, sanafunse.