Mitengo ya Mkamwini

Ine ndinabadwa ndi matenda ofunsa, koma zaka zimene ndinakwatiwa sizinali zofunsafunsa. Inali nthawi ija polowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani, ndipo mawu akuti boma unkawatchula utacheuka kaye. Choncho mafunso anga onse ndinkawatula kwa munthu mmodzi, mwamuna wanga, amene yankho lake linali limodzimodzi: "Mayi, inu mudzatimangitsa."

Iwo anali a kwa Mavwere. Anabwera kwathu kuno kwa Mkanda pa chikamwini, atakwera njinga yakuda imene anagula ndi ndalama za ganyu. Munda unali wa kwathu, malo a nyumba a kwathu, ana nawonso a mbumba ya kwathu. Chawochawo chinali njingayo, ndipo mwezi uliwonse ankaipalasa tsiku lathunthu kukaona mayi awo okalamba.

Chimene chinkatisowetsa mtendere pakhomo chinali nkhuni. Ndili mtsikana tinkatola kuseri kwa mudzi, koma maesiteti a fodya atachuluka, mitengo inathera m'mabani owotchera fodya. Parafini anali wa m'koloboyi basi, akapezeka n'komwe. Kunatsala nkhalango ya boma, ulendo wonyamuka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, mtolo uli pamutu. Alonda a m'nkhalangomo akakupeza ankalanda nkhwangwa, ndipo ine anandilandapo ziwiri. Masiku ena tinkasonkhera mapesi ndi zitsononkho, moto wongoti lawi n'kuzima. Nyemba tinasiya kuphika chifukwa zimadya nkhuni. Ana ankasamba madzi ozizira mu Juni, akulira ngati akumenyedwa.

Ndinkafunsa mwamuna wanga kuti kodi boma limatani ndi nthambi youma imene yagwa yokha. Limaiwerenga? Likulisungira ndani? Iwo ankangoseka n'kuyang'ana kunja ngati kukubwera munthu.

Chaka china kunabwera mlangizi wa zaulimi pamsonkhano. Anati boma lamva kulira kwa amayi, ndiye latsegula nazale, ndipo mbande za bulugamu zikugulitsidwa tambala imodzi kuti ngakhale wosauka akhale ndi nkhuni pakhomo. Abambo anawomba m'manja mwamphamvu, kenako anapita kwawo osagula ndi imodzi yomwe. Mlangiziyo ankati anthu a kuno ndi aulesi. Sunali ulesi. Amuna ambiri pamsonkhanopo anali akamwini, ndipo mkamwini sabzala mtengo. Amabzala chimanga, mtedza, fodya, zokolola chaka chomwecho. Mtengo umakhalitsa kuposa ukwati, ndipo woubzala amaoneka ngati akuikira chizindikiro munda wa eni ake. Ndinkadabwa kuti boma lodziwa mwini khadi aliyense silinkadziwa zimenezi.

Tsiku lina ndinabwera kunkhalango chimanjamanja, nkhwangwa yachiwiri ija italandidwa, ndili ndi pakati pa mwana wachinayi, mapazi atatupa. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kulira ndi ukali. M'mawa mwake mwamuna wanga anatenga njinga, ndipo masana anabwera ndi dengu lodzaza mbande.

Asanamalize kukumba maenje m'mphepete mwa munda, anatulukira achimwene anga aakulu, mwini mbumba yathu. Anali munthu wabwino ndithu, koma wokonda kuti mawu omaliza akhale awo.

"Alamu, mitengoyi mukubzalira yani?" anafunsa achimwene.

"Ndikubzalira msana wa mlongo wanu," anayankha mwamuna wanga, osasiya khasu.

"Bzalani. Koma mudziwiretu, mkamwini muno alibe mtengo. Mawa musadzati munda uno ngwanu."

Mawuwo anandiwawa kwambiri moti ndinatha mwezi ndikuwapatsa achimwene moni wa pamphuno. Mwamuna wanga anangoti, "Ndamva, alamu," n'kupitiriza kukumba.

Chilimwe chonse njinga ija inasanduka ngolo ya madzi, zigubu ziwiri uku ndi uku, kuchokera kudambo. Ankathira phulusa m'maenje kuti chiswe chisadye mizu, natchingira minga chifukwa cha mbuzi. Ina inafa, yambiri inagwira. Anzawo ankawaseka kuti akunenepetsa ng'ombe ya eni ake. Patatha zaka zisanu tinayamba kusadza nthambi, ndipo nyemba zinabwerera pakhomo pathu. Kunkhalango sindinapondekonso. Amayi anzanga, amene amuna awo anawomba m'manja tsiku lija, ankabwera kudzacheza n'kumachoka ndi kanthambi m'khwapa.

Pa nthawi yomweyo boma linali ndi njira inanso yothandizira osauka, ngongole ya feteleza kudzera m'makalabu a alimi. Munkalowa gulu, n'kulandira feteleza ndi mbewu, n'kudzabweza mukakolola. Koma panali lamulo lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse siilandira chaka chotsatira. Nzeru imeneyi ndinkaisirira ndi kuiopa pamodzi, chifukwa boma silinkafunika kutuma wapolisi. Ankabwera anansi ako omwe, amene umapemphera nawo Lamulungu, n'kunyamula mbuzi, chitseko kapena malata.

China chimene chinkandidabwitsa n'chakuti m'kalabumo ankalemba mwamuna, ati ndiye mutu wa banja. Munda wa mkazi, ngongole ya mwamuna. Ndinafunsa kuti kodi amene anakonza zimenezi anakwatira kuti, ndipo ndinalandira yankho langa lija la masiku onse.

Zaka zitatu tinabweza bwinobwino. Chachinayi mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo tinakolola zosakwana n'kudya komwe. Tinagulitsa mtedza wonse ndi mbuzi, koma ngongole inatsalabe. Walira mvula walira matope, ife tinalira feteleza.

Anabwera m'mawa wina wa mu Seputembala, wapampando wa kalabu ndi amuna anayi, pamodzi ndi kapitawo wa esiteti ina yapafupi. Wapampandoyo anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo ankalankhula maso ali pansi.

"Bambo, musatiyese oipa. Mukapanda kumaliza, tonse chaka chino tilima opanda feteleza. Akapitawowa akuti agula mitengo yonseyi ya kumabani, ngongole ithere pompano. Bulugamu amaphukanso."

Kuphuka amaphukadi, koma ine ndinawerenga mumtima zaka zinayi kapena zisanu zobwerera kunkhalango, msana wanga utatha kale, mwana wanga wamkazi woyamba atafika msinkhu wosenza mtolo. Kapitawo anali atayamba kale kuyenda m'mizere, akumenya mitengo ndi chikhatho.

Sindidziwa amene anakawauza achimwene. Anafika akupuma mofulumira, nakhala pachitsa osadikira mpando.

"Ngongoleyi inalembedwa dzina la yani?" anafunsa.

"La alamu anuwa," anayankha wapampando.

"Nanga mitengo yaima m'munda mwa yani? Inu a pampando, nanunso ndinu mkamwini m'mudzi muno. Tandiuzani, mkamwini ali ndi mtengo?"

Wapampando anakanda mutu. Mmodzi mwa amuna aja anati aliyense anaona amene ankathirira. Achimwene anati kuthirira n'kuthirira, ngakhale mvula imathirira. Atakangana kanthawi, wapampando anatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Bambo, nenani nokha pamaso pa anthu. Mitengoyi ndi yanu kapena si yanu?"

Ndinawayang'ana. Zaka zonse zija ankadzuka kukayendera mitengoyo asanasukusule, ndipo ankaidziwa umodziumodzi. Akanati ndi yanga, aka kakanakhala koyamba mudzi wonse kuvomereza, ndipo ngongole ikanatha tsiku lomwelo. Anayang'ana mitengo, anayang'ana ine.

"Si yanga," anatero. "Ine muno changa ndi njinga."

Analowa m'nyumba, naitulutsa okha, naipukuta fumbi pachishalo ndi mkono wa malaya, n'kuipereka kwa wapampando. Kapitawo anachoka akung'ung'udza. Achimwene anaimirira, nasasa fumbi kumbuyo, n'kumapita osatsanzika. Mpaka lero sindidziwa ngati anabwera kudzatipulumutsa kapena kudzangotsimikiza mawu awo akale. Ndinawafunsapo kawiri, ndipo kawiri konse anandiuza kuti ndimafunsa kwambiri.

Patapita masiku tinamva pawailesi kuti dziko lathu nalo lili ndi ngongole kunja. Ndinafunsa mwamuna wanga kuti boma likalephera kubweza amalilanda chiyani, chitseko kapena njinga. Ulendo uno sananene zomangidwa. Anangoti, "Mwina nalonso limati si zanga," ndipo tinaseka.

Njinga ina sanaigulenso. Chaka chilichonse ankati tikakolola, ndipo chaka chilichonse panali fizi, kapena matenda. Kwa Mavwere ankapita wapansi, masiku awiri, kugona panjira, ndipo maulendo a mwezi ndi mwezi anasanduka awiri pachaka. Mayi awo atadwala komaliza, uthenga unafika mochedwa, iwonso anafika ataikidwa kale. Zimenezi sanandinenerepo ine kapena mitengo, koma zinkandilemera.

Panayambanso kachizolowezi kena. Akafuna mtengo wa denga kapena wa khola, ankabwera kudzaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Mayi, ndingaduleko umodzi m'mitengo yanu ija?" Ndinkawakalipira kuti asiye zachibwana. Ankaseka, koma sanadulepo ndi umodzi womwe osapempha. Kaya kunali kundiseka kaya linali bala, ili ndi funso limodzi limene ine wofunsafunsa ndinaopa kufunsa.

Mwamuna wanga anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi, ndipo abale awo anapempha kuti akagone kwawo. Tinachita hayala galimoto yopanda denga kumbuyo. M'mawa wonyamuka ndinamva nkhwangwa kumunda, ndipo nditatuluka ndinapeza achimwene, atakalamba kale, akugwetsa mtengo waukulu wa pamzere woyamba. Anauwaza ndi adzukulu awo, nalongedza nkhunizo m'galimoto mozungulira bokosi. Woyendetsa anadandaula za kulemera, koma achimwene anapitiriza kulongedza.

Titafika kwa Mavwere, mkulu wina wa kumeneko anaona nkhuni zikutsitsidwa, nati sitikanavutika, za pamaliro anali atatola kale.

"Sitinakubweretsereni inu," anatero achimwene. "Izi ndi za eni akewa. Ndi mitengo yawo."