Wochedwa Linali Bokosi

Linali Lachisanu la mu Ogasiti, nthawi ili 15 koloko, pamene ngolo ya ng'ombe inafika kumudzi kwathu ku Sinda itasenza zokuzira mawu za a Sakala, wokonza mawayilesi wa ku Katete. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mawa lake unali ukwati wa mlongo wanga, ndipo ine ndinali wotsogolera mzere wa ana ovina masitepe.

Tinaphunzira mwezi wathunthu ndi kawayilesi ka kaseti. Wotiphunzitsa anali azakhali anga, aNambewe, amene sankasiyana ndi kamtengo m'manja. Mwezi wonsewo kamtengoko sikanandikhudzepo.

Masipika awiri aang'ono anawapachika pamitengo ya chisakasa. Mabokosi awiri a bezi, aja otulutsa kugunda kwa pansipansi, anali olemera ngati matumba a chimanga. Anyamata anangowatsitsa pomwe ngolo inaima, kuseri kwa nkhokwe, mapazi ngati makumi anayi kuchokera pabwalo, nalumikiza waya wautali. A Sakala sanaone, anali kulimbana ndi jenereta.

Nyimbo itayamba, fumbi linauka. Kugunda koteroko kawayilesi kathu kanalibe. Kunandilowa m'chifuwa ndipo miyendo inakutsata yokha, pomwe anzanga ankatsata mawu a woimba a m'masipika. Posakhalitsa kamtengo kanatera pamwendo panga.

"Yohane, ukukoka mwendo! Wadya chiyani lero?"

Tinayambanso, koma chimodzimodzi.

"Kachitatu ukaima kumapeto. Atsogolera ndi Petulo."

Petulo, msuweni wanga, anali atayamba kale kumwetulira.

A Sakala anabwera akupukuta mafuta m'manja. Anaima pomwe ndinaima ine, natsinzina kwa kanthawi.

"Amayi, mwanayu musiyeni. Wochedwa si iye, ndi bokosi."

"Bokosi? Lili ndi miyendo kodi?" anafunsa azakhali. Amayi onse amene ankaphika anaphulika kuseka.

"Lilibe, koma mawu ali nayo. Taonani uko."

Analoza kutsidya kwa dambo, kumene bambo wina ankawaza nkhuni. Tinaona nkhwangwa ikutera zii, kenaka, iye atainyamulanso, ndi pomwe tinamva kuti kho! Ndinali nditaziona zimenezi kambirimbiri osafunsa.

"Mawu nawo amayenda ulendo," anatero. "Wochokera kutali amafika mochedwa. Katengeni chingwe chobzalira thonje."

Anakhoma chikhomo pakati pa bwalo, nandipatsa nsonga ya chingwe kuti ndigwire. Anachikoka mpaka pasipika ya pamtengo, namanga kansalu pomwe chinafika. Anyamata ananyamula mabokosi aja akudandaula, mpaka nkhope ya lililonse inakhudza kansaluko.

"Chingwe chatha ntchito yake. Yatsala ndi ya khutu lako. Ima pachikhomo."

Anayatsa nyimbo nayamba kusuntha bokosi pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi nthawi iliyonse.

"Apa?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

Mwadzidzidzi ng'oma ndi mawu a woimba zinagwera pamodzi ngati minsi iwiri yatera nthawi imodzi. Ndinazimva m'mapazi.

"Pomwepo!" ndinafuula.

Tinafola mzere kachitatu. Tinazungulira bwalo lonse, miyendo khumi ndi iwiri ikutera ngati ya munthu mmodzi. Nthungululu zinamveka mpaka kuchitsime. Azakhali anapita kubokosi lija nalikwapula ndi kamtengo kawiri.

"Waulesi iwe! Wandimenyetsa mwana wa mchimwene wanga!"

Ngakhale Petulo anagwa pansi ndi phwete. Malo anga sanatchulidwenso.

Lero ntchito yanga ndi yomweyo. Timayeza ndi maikolofoni ndi kompyuta, ndipo makina amachedwetsa sipika yapafupi kuti idikire inzake yakutali. Komabe pamene mwana wanga kapena mnzanga wa kuntchito wachedwa kumvetsa, sindifulumira kukalipa. Ndimayamba ndadzifunsa kuti mawuwo achokera patali bwanji, ndiponso ndani anawasiya kumeneko.

Tsiku la ukwatilo ndinadzuka tambala asanatsike mumtengo. Ndisanasambe, ndisanavale malaya a ukwati, ndinatapa phulusa m'chigoba, n'kulemba mzere kuzungulira bokosi lililonse. Ndinakhala pamwamba pa limodzi mpaka amayi osesa pabwalo atadutsa, kuti pasapezeke wolisuntha.