Kabuku ka Zigongono ka a Elifala

A Elifala Chatsika si dokotala, ndipo mukawatchula choncho amakukanirani pomwepo. Ntchito yawo ndi kujambula mafupa pa ekisire, pa kachipatala ka mishoni kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Munthu wake ndi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, koma makani ake, eee, ngati mbuzi yokana chingwe.

Zaka makumi awiri zapitazo anayamba kachizolowezi komwe anzawo ankawaseka nako. Mwana aliyense wothyoka chigongono ankamulemba m'kabuku: mudzi wake, mwezi, chomwe chamugwetsa, ndi yemwe anayamba kuugwira mkonowo. Kabukuko kanaulula zambiri. Mango akangopsa, ana ogwa m'mitengo ankachuluka. Koma omwe ankafika zala zitada bii, mpaka madokotala kudula mkono, sanali ovulala koposa anzawo ayi. Anali omwe anamangidwa kumudzi ndi nsungwi ndi luzi, mothina kwambiri, magazi osayendanso.

Madokotala a ku Lilongwe atakaona kabukuko anagwira pakamwa. Analemba nawo lipoti la kafukufuku, dzina la a Elifala lili pamwamba penipeni, ndipo ophunzira za mafupa amaliwerenga mpaka pano. Koma abale inu, lipoti lachingerezi lingafike bwanji kumudzi ngati ku Msakambewa? Kumeneko womanga mafupa anali a Bonifasi, mkulu wa mpingo, munthu wabwino ndithu, koma za ekisire sankafuna n'kumva komwe. Ana a m'dera lawo ankatayabe mikono, ndipo izi zinkawapweteka a Elifala mumtima.

Tsiku lina anapalasa njinga kukawapeza, atanyamula chithunzi cha chigongono chothyoka. Anachitukula kudzuwa.

"Mukuona nsonga ya fupayi, bambo? Imafinya mtsempha wa magazi. Mukamanga pamwamba pake mkono umafa."

"Aphwanga, ine ndinayamba kumanga mafupa inu musanabadwe," anatero a Bonifasi.

"Sindikukuletsani. Ndikupempha chimodzi basi. Mukamanga, muzitsina chikhadabo cha mwanayo. Chikayera osabwereranso kufiira, masulani, mubwere naye kwa ine."

Mkuluyo anangowapatsa thobwa. A Elifala anabwererako kanayi konse, ulendo uliwonse thobwa lokhalokha.

M'mawa wina mu Disembala, njinga yamoto ya kabaza inaima pakhomo pa chipatala. Anatsika a Bonifasi atanyamula Rakele, mwana wa aneba awo, wa zaka zisanu ndi zitatu, yemwe anathyoka chigongono. Nsungwi zomwe anamangira mkonowo zinali m'thumba la jekete lawo.

"Ndinamanga dzulo madzulo," anatero. "Lero ndatsina, sichikubwerera. Ndamasula."

Zala za mtsikanayo zinali zii, kuzizira. A Elifala, omwe sitinawaonepo akuthamanga, tsiku limenelo anathamanga. Anajambula, n'kukamukoka dokotala pakati pa odwala ena chithunzi chili m'manja, ndipo ola lisanathe ambulansi inali pamsewu wa ku Lilongwe.

Masiku atatu a Bonifasi ankabwera kudzakhala pa benchi panja pa chipinda cha ekisire. Tsiku lachitatu foni inalira. A Elifala anatuluka misozi ikulengeza.

"Mkono wapulumuka, bambo. Zala zikugwedezeka zonse."

A Bonifasi anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi: "Mwa ana omwe anadulidwa mikono aja, omangidwa ndi ine ndi angati?"

A Elifala sadziwa kunama, ngakhale bodza lachisoni. Anakhala pansi pambali pawo.

"Asanu ndi awiri."

Mkuluyo anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Ndipatseni mayina awo. Ndikufuna ndikawaone makolo awo."