Besi ya m'katoni yandichotsa mu bandi

Inu a shopu ya zoimbira ku Chipata amene munandigulitsa besi gitala yofiira ija, mwaswera bwanji? Ine sindinaswere bwino. Dzina la shopu yanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Anzanga, tamvani. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo zija, pamsika ku Mfuwe, ndipo kunenerera mtengo ndiye ntchito yanga. Munthu akanditchulira mtengo ndimayamba ndaseka, kenako ndimatembenuka ngati ndikupita. Kumapeto kwa sabata ndimaimba besi mu bandi ya aSakala, mdala wa kiyibodi wa ku Chinzombo. Zaka zonsezi ndakhala ndikubwereka besi ya kutchalitchi kwathu. Ndiye loji ina ya ku Nkwali inatiitana kuti Lachisanu masana manijala akatimvere. Akakhutira, tiziimbira alendo Loweruka lililonse mpaka Chaka Chatsopano. ASakala sanandibisire. Anati, "Mwale, kuloji sitingapite ndi gitala yolembedwa dzina la mpingo kumsana. Peza yako."

Lolemba ndinakwera basi wa ku Chipata.

Wogulitsa anali bambo wa tayi, wolankhula mofatsa ngati akupempherera wodwala. Anatsitsa besi yofiira pakhoma, nailumikiza ku sipika. Nditangokhudza nsambo imodzi, phokoso ndinalimva m'mimba. Iye akuti magitala amenewa amapangidwa kufakitale ya kunja ndi amisiri okalambira pa ntchitoyo, ndipo iliyonse amaiyesa ndi manja isanalowe m'katoni. Ndinaseka. Ndinatembenuka. Ndinafika mpaka pakhomo kawiri konse. Mtengo unatsika ndithu, ine mumtima n'kumadziombera m'manja.

Kenako nzeru zinandichulukira. Ndinati, "Bambo, yapakhomayi yagwiridwa ndi zala za Chipata yense. Ine ndipatseni ya m'katoni, yosatsegula."

Sanatsutse ngakhale pang'ono. Anathamanga kukaitenga, n'kundiwonjezera lamba wokolekera paphewa, waulere. Ine amene ndimadziwa kuti wogulitsa akavomera msanga pali kanthu, tsiku limenelo ndinaona ngati ndamugonjetsa. Katoni sindinaitsegule n'komwe, poopa fumbi la m'njira. Sekani, nanenso ndadziseka kale.

Kunyumba ku Mnkhanya nditatsegula, gitala inali yokongola, yonyezimira ngati galimoto ya ukwati. Lachiwiri ndikuiyesa, nsambo yaikulu inkalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Ndinati mwina ikuzolowera. Lachitatu m'mawa ndinapeza khosi lake lapindika ngati uta, nsambo zakwera m'mwamba moti dzanja langa limadutsa pansi pake. Mkazi wanga anandifunsa ngati angayanikepo masokosi a ana.

Kwa inu osadziwa, m'kati mwa khosi la besi mumakhala chitsulo chachitali. Khosi likapindika, umapotokola kanati kamene kali kumutu kwa gitala, chitsulocho n'kuliwongola. ASakala anabwera pa njinga ndi kasipanala kake. Anapotokola kamodzi, kawiri, kanati kaja n'kutsalira m'manja mwawo. Tinasuzumira. Kabowo kakuya ngati chikhadabo, m'kati muli guluu wouma. Chitsulo mulibe. Kanatiko anangokamatapo ngati ndolo.

Tinatsegula chivundikiro cha kumbuyo. Tiwaya ta magetsi sanatiwotcherere, anangotipota ndi zala n'kukulunga selotepi. Thupi lofiira lija si thabwa ayi, ndi utuchi woumba wopakidwa penti. M'mabowo a masikuluwu ogwira khosi anatsinyiramo timitengo ta machesi.

Ndiye ndifunse: amisiri okalambira pa ntchito aja ndi amenewa? Munthu anadzuka m'mawa, nasamba, napita kufakitale, nakhala pansi kuboola kabowo kabodza ndi kumatapo kanati kabodza. Madzulo n'kukauza ana ake kuti lero ndagwira ntchito. Nanga woyesa ndi manja uja anayesa chiyani, kulemera kwa katoni?

Lachinayi ndinatseka benchi yanga pamsika, ulendo wa ku Chipata kachiwiri, gitala pamiyendo ngati mwana wodwala. Bambo wa tayi anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Abwana, kwanu ku Malambo, kuchigwa kwa Luangwa uko, kumatentha kwambiri. Magitala amenewa anapangidwira maiko ozizira."

Ndinati, "Ndiye ndikanaigulira fani? Kapena izigona mu fuliji? Dzuwa la kwathu limasungunula chitsulo mpaka osasiya ndi dzimbiri lomwe?"

Iye akuti za m'kati mwa gitala sizimukhudza, iye amangogulitsa. Ndinamuonetsa selotepi ndi machesi aja. Nkhope yake inawala ngati watola ndalama. "Aaa, mwaitsegula? Mukatsegula nokha, ife sitilandiranso."

 Ndinaloza pakhoma, pomwe besi yabwino ija inali ikadali lende. Ndinati chabwino, tisinthane ndi iyo, lamba wanu waulere ndikubwezerani.

"Imeneyo ndi yoonetsera, sitigulitsa."

"Lolemba mumandigulitsa yomweyo!"

"Munaikana nokha, abwana. Munati ili ndi zala za Chipata yense."

Anzanga, mawu anga omwe. Sanaphonye ndi limodzi lomwe. Apo m'pamene ndinazindikira kachitidwe kawo: gitala yeniyeni ndi imodzi, imagona pakhoma, ntchito yake ndi kuyesedwa basi. Ukailipira, amapeza njira yokunyamulitsa mng'ono wake wa m'katoni. Ine sindinawavutitse n'komwe, ndinachita kupempha ndekha.

Ndinafunsa za mwini shopu. Akuti watuluka pang'ono. Ndinakhala pa sipika yawo mpaka ma 15 awazi, 3 koloko masana, pang'ono uja osatha. Kenako akuti ali ku Lusaka. Basi womaliza wa ku Mfuwe sakanandidikira.

Lachisanu m'mawa ndinathamangira kutchalitchi kukabwereka besi yakale ija, yadzina kumsana yomweyo. Akwaya anali atapita nayo kumsonkhano ku Jumbe. Ndinanyamula yofiira yanga, ulendo wa ku Nkwali.

Anatiika pansi pa mtengo m'mbali mwa Luangwa, manijala atakhala kutsogolo, manja atapinda. Nyimbo yoyamba ndinalimbana nayo, zala zikuwawa ngati ndikukoka waya wa mpanda. Mvuu za mumtsinje zinkatulutsa besi yomveka kuposa ine. Pakati pa nyimbo yachiwiri gitala inati thethethe, kenako zii. ASakala anandiyang'ana, nandipatsa chizindikiro ndi mutu kuti ndikhale pansi. Dzanja lawo lamanzere linatsikira kumapeto kwa kiyibodi n'kuyamba kuimba besi yanga, nyimbo n'kumapitirira ngati palibe chachitika.

Manijala anaomba m'manja. Anati tiyambe Loweruka likubwerali. Kenako anawonjezera kuti malo oimbirapo ndi ochepa, anthu atatu akwana: kiyibodi, ng'oma ndi woimba. Ananena zimenezi akundimwetulira mwaulemu kwambiri.

Pobwerera, aSakala akukankha njinga, anati, "Mwale, usadandaule mwana wanga, ukapeza gitala yeniyeni tidzakambirana." Koma maso awo anali kumbali.

Bandi yapeza ntchito. Ine ndapeza utuchi wofiira.

Nonse a ku Mfuwe, Chinzombo, Mnkhanya, mukapita kukagula choimbira, chimene mwayesacho n'chimene mutuluke nacho, ngakhale chikhale ndi zala za boma lonse. Akakupatsani katoni, ing'ambeni pamaso pawo.

Ndipo inu a shopu, ndikufuna besi yapakhoma ija, osati nkhani za nyengo. Mwini shopu abwereko ku Lusaka kwakeko. Apo ayi, dziwani kuti Loweruka ndilibenso koimba. Ndipotanso tiwaya tija, ndibwereka sipika, ndidzakhala pakhomo panu penipeni kuyambira potsegula mpaka potseka, ndikuimba gitala yanuyi mokweza. Aliyense wofunsa kuti chikulira choncho n'chiyani, ndidzangomulozera chitseko chanu.