Telala Wolephera Amene Anakaniza Bwana Mfuti Yake

Inu amene mwakhala pansi lero n'kumati manja anu sadziwa kanthu, tamvani za Tupochile Mwalwanda.

Tsiku limene Tupochile anafika pansi penipeni linali Loweruka, pa ukwati wa Amalawi ku South C mu Nairobi. Iye ndiye anasoka zovala za operekeza onse. Nyimbo itayamba, anyamata asanu ndi mmodzi analowa muholo akuvina, aliyense dzanja limodzi lili m'mwamba, lina litagwira thalauza. Wakutsogolo anatengeka ndi nyimbo n'kukweza manja onse awiri. Zimene zinaoneka pamenepo sindingazilembe, koma mafoni anajambula, ndipo pofika Lamlungu anthu anali akuzionera ku Karonga.

Vuto la Tupochile linali loti tepi ankadana nayo. Ankamuyeza munthu ndi maso, n'kuwonjezerapo zala zinayi. Anakulira m'nyumba imene yunifomu imodzi inkayenera kukuchotsa Sitandade 3 n'kukufikitsa Sitandade 8, ndiye kwa iye chovala chabwino chinali chosiya malo oti munthu akuliremo. Zoti bambo wa zaka makumi anayi anasiya kalekale kukula, iye analibe nazo ntchito.

Ankakhala kwa msuweni wake, mayi Sungeni, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu. Kontirakiti yawo inkatha pakadutsa miyezi inayi, banja lonse n'kubwerera ku Lilongwe. Mayi Sungeni sanapite m'mbali: ngati Tupochile sapeza omulemba ntchito oti amusainire kalata yokhalira m'dzikomo, akwera nawo ndege. Kutero kunkatanthauza kumutulutsa mwana wake Deborah pa sukulu ya unamwino imene anali atangoyamba, chifukwa panalibenso wina woti n'kumusunga. Tupochile analira. Ukwati uja utatha, palibe Mmalawi amene anamubweretseranso ngakhale pilo kuti asoke.

Ntchito imene inapezeka inali yaganyu chabe, yosesa pa kalabu ina kuseri kwa Embakasi, kumene anthu okhala ndi ziphaso za boma amapikisana kuwombera chandamale. Tsiku loyamba mfuti italira, Tupochile analowa pansi pa benchi ndi tsache lomwe, akuitana Yesu. Anatulukamo nthawi ya tiyi.

Pa kalabupo panali mkulu wokonza mfuti, Mzee Mutiso, wa maso ofooka koma lilime lakuthwa. Anaona kuti mayi wosesayu akatola zigoba za zipolopolo amazisanja m'magulu popanda womuuza. Anamuitanira pa tebulo lake n'kumufotokozera. Chipolopolo chikawomberedwa chimasiya chigoba chamkuwa chitafufuma pang'ono. Chigobacho amachipaka mafuta, n'kuchipanikiza ndi makina m'kachikombole kachitsulo kuti chibwerere mu msinkhu wake, chigwirenso ntchito. Anatinso chigoba chili ndi khosi ndi phewa.

Atangomva mawu oti phewa, Tupochile anati mumtima, basi, ntchito yanga yakale ija yandilondola.

Mzee anapitiriza kuti phewalo limangofunika kulikankhira m'mbuyo pang'ono zedi, osafika kunenepa kwa tsitsi limodzi, kuti chigoba chikakhale bwino m'chipinda cha mfuti, momwe mumalowa chipolopolo, osagwedera. Kampata kameneko eni ntchito amakatcha hedisipesi. Anamusiyira zigoba mazana awiri n'kupita kukadya.

Tupochile anayang'ana chigoba chimodzi n'kuchimvera chisoni. Anaona kuti mkuluyu ndi wouma mtima, kanthu sikangamakhale mothina choncho. Anatsitsa chikombole chija ndithu kuti zigoba zonse zipeze malo opumira, ndipo anagwira ntchitoyo akuimba nyimbo ya kwaya.

Mzee atabwera anaponya chigoba chimodzi mu geji, kachitsulo koyezera zigoba. Chinamira. Anaponya china, chinamiranso. Atafika pa chakhumi anavula magalasi n'kukhala pansi. Anamuuza kuti chigoba chogwedera chimatamuka mfuti ikalira, mpaka chimaduka cha kumunsi, ndipo moto umabwerera kumaso kwa wowomberayo.

"Mama, kuno malo opumira amachotsa munthu diso," anatero. Zigoba zonse anazikhuthulira m'ndowa ya zotaya n'kumulozera pamene panali tsache.

Ambiri akanathera pompo. Tupochile anachita manyazi masiku awiri, lachitatu anapita kukabwereka kalipa, chida choyezera tinthu ting'onoting'ono, kuti aziphunzira pa nthawi ya nkhomaliro. Mzee anamupatsa mongofuna kuti amuchoke pamaso.

Anayamba ndi ndowa ya zolakwa zake zomwe. Anayeza chigoba chilichonse n'kuona kuti chifundo chake chinapyola pati. Atamaliza anayeza tsitsi lake, tsamba la Baibulo, khadi la foni. Anayezanso chapati za mayi wogulitsa pageti, n'kupeza kuti Lachisanu zimapyapyala. Anamuuza mwiniwakeyo mwaulemu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankadya nkhomaliro yochokera kunyumba.

Sikuti zonse zinayenda. Tsiku lina Mzee atamulolanso kugwira makina, anaiwala kupaka mafuta, chigoba n'kukanirira m'chikombole. Anthu awiri akuluakulu anatha masana onse akuchikoka, Mzee akutukwana m'Chikamba cha kwawo, Tupochile akupepesa m'Chichewa. Koma m'mawa mwake Tupochile anali pomwepo, kalipa ili m'manja.

Patadutsa miyezi iwiri Mzee anamupatsa zigoba khumi kuti akonze. Anabweza zisanu ndi zinayi. Chinacho anachikana, ati analowetsamo kawaya kopinda kunsonga n'kumva kamzere m'kati, chizindikiro choti mkuwa wapyapyala. Mzee sanamuyamike, si khalidwe lake. Anangokoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake, ndipo madzulo analembera komiti kuti mayiyu alembedwe ntchito.

Kalata yokhalira m'dziko ija inkafunika siginecha ya wapampando wa kalabu, bwana Muriuki, munthu wamkulu thupi amene sankazolowera kumva mawu oti ayi. Kutatsala sabata imodzi kuti a Sungeni anyamuke, kalata inali isanasainidwebe.

Lachisanu Mzee anapita kuchipatala kukachotsa ng'ala. Tsiku lomwelo bwana Muriuki anafika ndi mfuti yakale imene anawasiyira malemu bambo awo, pamodzi ndi thumba la zigoba zake. Ankafuna zikonzedwe msanga chifukwa Loweruka kunali mpikisano. Ngodya ya envulopu inkaonekera m'thumba la jekete yawo, ndipo Tupochile anaidziwa kuti ndi ya kalata yake ija.

Anayeza chigoba choyamba. Chinali chitatamuka kuposa muyezo, ndipo cha kumunsi chinali ndi kamkombero kowala. Chachiwiri chimodzimodzi. Anapempha mfutiyo, n'kuona kuti mulibe kanthu, n'kulowetsamo geji ina imene mfuti yabwinobwino imakana kutsekeka ikakhala m'kati. Iyi inatsekeka mosavuta ngati chitseko cha kabati. Chipinda chake chinali chitakula ndi ukalamba.

Lamulo la pa kalabupo linali loti mfuti yotere aimangirire kansalu kofiira, ikhale pa shelefu mpaka wokonza aione. Tupochile anayang'ana envulopu ija, anaganiza za Deborah, n'kutenga kansaluko.

"Mfutiyi siwombera mawa, bwana."

Bwana Muriuki anaseka kaye poyesa nthabwala. Kenako anamukumbutsa kuti mfutiyo inayamba kulira iye asanabadwe, kuti ntchito yake ndi tsache, komanso kuti kalabu si ya Amalawi. Pomaliza anagwira pa thumba la jekete.

"Ukudziwa chimene chili muno?"

"Ndikudziwa, bwana, n'chifukwa chake miyendo ikunjenjemerayi. Koma mfutiyi ikuphulikirani kumaso."

Bwanayo anachoka atamenyetsa chitseko, envulopu n'kupita nayo. Tupochile anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, pa Mombasa Road misozi ili chuchuchu, moti kondakitala anangomupepesa m'Chiswahili kuti pole mama n'kumusiya. Kunyumba anatsitsa sutikesi n'kumuuza Deborah zoona zake. Mtsikanayo anangoyamba kulongedza mabuku ake, ndipo zimenezo zinamupweteka mayi ake kuposa mawu onse a bwana uja.

Loweruka m'mawa anapita kukabweza ovolosi. Anapeza Mzee atafika kale, diso limodzi lili mu bandeji, bwana Muriuki ataima pambali akumunenera wosesa wamwano. Mzee anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anatola chigoba chimodzi m'thumba lija, anachigwira uku ndi uku n'kuchipinda ndi zala zake za ukalambazo. Chinaduka pakamkombero paja ngati bisiketi.

Bwana Muriuki anayang'ana zidutswa ziwirizo, anayang'ana bandeji ya Mzee, ndipo dzanja lawo linapita lokha pa diso lawo lakumanja, lomwe amalozera nalo. Kenako anatulutsa envulopu, anakankha botolo la mafuta kuti apeze malo pa tebulo, n'kusaina akung'ung'udza.

"Mayi ameneyu alibe ulemu," anauza Mzee. "Musamulole achoke pano."

A Sungeni anakwera ndege okha ndi banja lawo. Tupochile anapeza kachipinda ku Donholm, ndipo Deborah anabwezera mabuku ake pa shelefu. Lolemba mtsikanayo anapita ku sukulu ngati kuti palibe chinachitika.

Abale anga, mwina nanunso anthu anakusekani, ndipo mwina sanalakwe kukusekani. Bwererani ku chimene munalakwitsacho mukachiphunzire mpaka muchidziwe. Tsiku lina mudzafunika kunena ayi kwa munthu amene wasunga tsogolo lanu m'thumba la jekete. Mudzanene, ngakhale miyendo ikunjenjemera. Osagwa ulesi, osataya mtima.